Timitengo ta abambo topekera moto

Abambo anga ankadziwa kupeka moto. Ndiyambire pamenepa, chifukwa anzanga a msinkhu wanga akamva zimenezi amangoti kukamwa yasa, ena amayesa ndi zamatsenga. Si matsenga ayi. Umatenga kamtengo kowongoka, kotalika kuyambira pachigongono kufika kuzala, n'kuimika nsonga yake pa kathabwa kofewa ka mkuyu. Ukatero umakafikisa pakati pa zikhatho, manja akutsika, kukwera, kutsikanso, mpaka fumbi lakuda lotuluka pamenepo liyambe kufuka. Fumbilo umalikhuthulira pa ndowe youma ya ng'ombe n'kumauzira pang'onopang'ono. Basi, ndi zomwezo. Koma kayeseni, mudzandiuza. Ine ndinayesa ndili mwana, ndipo chimene ndinapeza ndi matuza okhaokha.

Timitengo tawoto ankatisamala kuposa jekete ya kutchalitchi. Tinkakhala kudenga, pamwamba penipeni pa mafuwa, pamene utsi umafika tsiku ndi tsiku, titakulungidwa m'kachikopa ka mbuzi kothimbirira ndi mwaye. Akamapita kutali ankalowetsa kamtoloko m'kati mwa malaya, pamimba, kuti kazimva kutentha kwa thupi. Ankati mdani wa timitengoti ndi chinyontho, ngakhale cha mame chabe. Kamtoloko kankanunkha, ndisaname: utsi, mbuzi ndi thukuta la munthu.

Abambo anali mkamwini. Kwawo ndi ku Nachisaka, koma moyo wanga wonse ndinawaona akukhala kwa amayi, m'mudzi wina m'munsi mwa mapiri a Ntchisi. Analima munda wa amayi, anamanga nyumba pamalo a amayi, mango amene anabzala akudya ndi ena lero. Amayi atamwalira, miyezi ingapo itadutsa, amalume anga anakhala pansi n'kuwasudzula. Anachita mwaulemu wake, ndi mawu okoma: "Alamu, mwatisungira bwino mlongo wathu, tsopano ndinu omasuka." Kumasuka kwake kunali kunyamula mphasa ndi khasu n'kumapita. Koma apite kuti? Ku Nachisaka munda wawo adzukulu anali atagawana kalekale.

Chinawapulumutsa ndi moto womwewo. Mayi wina wa ku Lilongwe anali atatsegula msasa wa alendo m'mphepete mwa nkhalango, wa anthu okonda kukwera phiri ndi kukagona m'matenti. Ine ndinali nditalembedwa kale ntchito yotsogolera alendo, popeza ndinafika fomu folo ndipo Chingerezi ndimachigwira. Ndinawauza abwanawo za abambo. Anawaitanitsa, abambo anagwada pakhomo pa khitchini n'kupeka moto, ndipo abwana anaomba m'manja ngati kamwana. Tsiku lomwelo anawapatsa kanyumba ka pageti, ka njerwa zowotcha, ka malata, ka chipinda chimodzi. Koma abwana aja sankapita m'mbali polankhula. Anati, "Achikulire, osesa ndi olondera ndikhoza kuwapeza paliponse. Chimene ndakutengerani ndi motowu. Alendo anga aziuona ulendo uliwonse." Abambo anavomera. Anakhoma msomali kudenga la kanyumbako, pamwamba pa mbaula, n'kupachikapo kamtolo kawo.

Ine ndiye ndinali mwini katundu. Makiyi a chipinda chosungiramo zinthu ankakhala m'thumba langa. M'menemo munali matenti opinda mpaka kukwana m'khwapa, matumba ogonamo otseka ndi zipi, matochi omanga pamphumi, zikwama zakumsana za malamba ambirimbiri, kasitovu ka gasi, mawezulo oimba munthu akasochera, ndi mapiritsi oyeretsera madzi a mumtsinje. Za moto zinali ndi kabokosi kakekake: machesi osalowa madzi, malaita, thonje lopaka mafuta odzola, ndi kachitsulo kakuda kamene ukakakhwekhwereza ndi mpeni kamathetheka. Ndinkazikonda zinthu zimenezi, abale inu. Ndikavala jombo, chikwama kumsana, tochi pamphumi, ndinkadziona kuti ndine munthu. Lamulo la abwana linali limodzi: cholowa m'chikwama changa chikawonongeka, woyankha ndine. Amene ankagwira ntchitoyi ndisanabwere anamuchotsa chifukwa chopinda tenti yonyowa mpaka inawola.

Loweruka lina mu Julaye kunabwera gulu la anthu a ku ofesi ina ya ku Lilongwe, amuna ndi akazi, ati kudzaphunzira kugwirizana pa ntchito. Kaya kugwirizana amakuphunzira kuphiri, ine sindikudziwa. Akutsika m'minibasi, ndinamva munthu akundikuwira ndi dzina lachipongwe la kusukulu. Kucheuka, ndi mnzanga amene tinkagona naye chipinda chimodzi ku sekondale, cha ku Mvera. Anali atanenepa, kamimba kali patsogolo, ndipo ndiye anali mkulu wa gululo. Tinakumbatirana, tinaseka, koma ine ndinakumbukira bodza langa lakale. Kusukulu kuja ndinkawauza anzanga kuti abambo anga ndi kalaliki wa kumsika wa fodya. Linali bodza la mwana wa fomu wani, koma linadzandipeza nditamera ndevu.

Nthawi yomweyo abambo anatulukira kuchokera kukanyumba kawo. Anavala sikipa ya pamsasa, nsapato za matayala, ndipo pamimba panali patatukuka chifukwa cha kamtolo kaja. Mtsikana wina wa m'gululo anagwira mphuno.

"Iii, kukununkha chiyani kuno? Kwafa mbuzi?"

Anzake anaseka. Mnzanga uja analoza abambo ndi mlomo. "Aise, madalawa ndi ndani?"

"Ndi madala ena a m'mudzimu," ndinatero. "Amatithandiza za moto."

Abambo anali ataima mapazi awiri kuchokera pamene ndinali. Makutu awo anali abwinobwino. Anangokweza maso n'kumayang'ana kuphiri.

Ndinawakokera kuseri kwa khitchini. Ndili ndi mtima wapachala, ndimadziwa, ndipo tsiku limenelo unali utafika penipeni.

"Bambo, bweretsani kamtoloko. Mukutichititsa manyazi."

"Iwe, timeneti sitiyenda m'chikwama," anatero motsitsa mawu.

"Chikwama ichi n'chosalowa madzi. Igwe mvula yamtundu wanji, m'katimu mumakhala gwaa. Si chikopa cha mbuzi ichi. Bweretsani, alendo akudikira!"

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anapisa dzanja m'malaya n'kundipatsa. Kamtoloko kanali kofunda. Ndinakaponya pansi penipeni pa chikwama kuti fungo lisatuluke, pamwamba pake n'kuikapo botolo lalikulu la madzi, n'kutseka. Ndinkathamangira kubwerera kwa mnzanga, ndiye chivindikiro cha botololo sindinachimange bwino.

Tinanyamuka, abwana ali nafe chifukwa gululi linali lalikulu. Abambo anali kumbuyo, atasenza thumba la mapoto. Ine kutsogolo pakamwa sipanatsekeke: uwu ndi msuku, uwu ndi muwanga, umu mumadutsa anyani. Dzuwa lili pamutu tinapuma pathanthwe lina. Nditatsegula chikwama kuti nditenge madzi, ndinapeza botolo lapepuka, ndipo pansi pa chikwama pali dziwe. Chikwama chosalowa madzi chija sichinatulutsenso ngakhale dontho. Kamtolo ka abambo kanali katamira m'menemo kuyambira m'mawa.

Ndinazembera kuseri kwa mwala ngati ndikukadzithandiza. Ndinafinya kachikopa, ndinapukuta timitengo pa thalauza mpaka kunja kwake kunaoneka kouma, n'kukulunganso. Apa ndi pamene pamandipweteka mpaka lero. Panali patatsala maola anayi. Ndikanawauza abambo, bwenzi atatiyanika pathanthwe lotentha lija, kapena atayang'ana kamtengo kena kouma m'njira, poti nkhalango ankaidziwa kuposa ine. Koma kuti nditero, abwana akanaona, akanafunsa, ndipo mnzanga akanamva ndikukalipiridwa. Ndinakumbukira tenti yowola ija. Ndinatseka chikwama n'kuimba wezulo kuti tizipita.

Tinafika pamalo ogona cha m'ma folo koloko. Nkhungu inali itayamba kukwera kuchokera m'zigwa, ndipo kuzizira kwa ku Ntchisi mu Julaye sikusewera. Anthu a m'tauni aja anali akunjenjemera m'majekete awo okongola. Titakhoma matenti, abwana anaomba m'manja.

"Bwerani nonse kuno! Muona chimene simunachionepo. Moto wopanda machesi, wopanda laita. Achikulire, bwaloli ndi lanu."

Anthu anazungulira, aliyense foni m'mwamba. Ndinatulutsa kamtolo n'kuwapatsa abambo, maso anga ali kwina. Anamasula kachikopa. Ananyamula kamtengo n'kukanunkhiza. Anadinda chikhadabo pa kathabwa ka mkuyu, ndipo chinalowa ngati mu mbatata yophika. Ndowe ya m'kamtolomo inali itasanduka phala. Anakweza mutu n'kundiyang'ana. Sanakwiye ayi, bola akanakwiya. Maso awo ankangondifunsa kuti unena ndiwe kapena ndinene ndine. Ine ndinayang'ana jombo zanga.

"Pali vuto, achikulire?" anafunsa abwana.

"Ayi mayi, palibe."

Anazula udzu wouma pansi pa mwala, anaufumbata, n'kugwada. Anaponda kathabwa ndi phazi, anaimika kamtengo, n'kuyamba.

Masiku onse utsi unkaoneka munthu asanamalize kukanda m'mutu. Tsiku limeneli kamtengo kankangolira, tswii, tswii, koma osafuka. Manja anatsika, anakwera, anatsikanso. Thukuta linayamba kudontha pamphuno ngakhale kunali kozizira choncho. Poyamba anthu anali chete. Kenako wina anati, "Madala, netiweki yavuta?" ndipo gulu lonse linaphulika. Wina anati batire yatha. Mtsikana wogwira mphuno uja anayamba kuwerenga mokweza, wani, thuu, firii, anzake n'kumamuthandiza. Mnzanga anagwada pafupi n'kuwasendezera foni kumaso kwenikweni.

"Limbikirani agogo, tidya mawa!"

Abambo anasuntha kamtengo pa malo ena a kathabwa n'kuyambanso. Ankadziwa kuti sikayaka. Munthu wopeka moto zaka zonsezo sangalephere kudziwa. Koma akanaima, abwana akanafunsa chifukwa chake, ndipo chifukwa chakecho chinali chitaima pomwepo chitavala tochi pamphumi. Ndiye anapitiriza. Ndinaona matuza akutuluka m'zikhatho, ndinawaona akuphulika, ndinaona kamtengo kakuyamba kufiira ndi kuterera. Mayi wina wachikulire wa m'gululo anati, "Aaa, akwana, asiyeni," koma mawu ake anamira m'phokoso.

Mnzanga anadzuka n'kundimenya paphewa. "Aise, madala akowa ndi feki. Mumatinamiza eti?"

Ndinaseka. Inde, ndinaseka, mano onse panja. "Akalamba awa," ndinatero mokweza kuti abwana amve. "Manja anatha. Ndakhala ndikuona kuti zikuvuta."

Linali bodza. Sabata yapitayo anali atayatsa moto pamaso pa alendo ena mosavuta konse. Ndinatsegula kabokosi kanga, ndinaika thonje pa udzu umene abambo anasonkhanitsa, ndinakhwekhwereza kachitsulo kamodzi kokha, moto lawi! Anthu anakuwa, akazi analuluta, mnzanga anandinyamula m'mwamba. Ndinamva kukoma, ndisakubisireni. Abambo anasendera pambali, anakulunga timitengo tawo n'kutilowetsa m'malaya. Kenako anapita kukatola nkhuni zoti alendo aothe, akuzinyamula ndi mikono chifukwa zikhatho sizinkagwira. M'chikwama changa munali kabokosi ka mankhwala, ka mabandeji ndi zonse. Sindinakatsegule.

Pofika Lolemba, kanema amene anajambula kuphiri kuja anali atayenda m'mafoni ambiri, wina atamuikira kanyimbo koseketsa. Abwana anawaitana abambo ku ofesi. Ine ndinali momwemo, ndikupachika makiyi.

"Achikulire, ndinakuuzani tsiku loyamba lija," anatero abwana. "Msasa wanga wasanduka choseketsa. Koma ndifunse kaye. Kapena pali chimene chinachitika ndi timitengoto?"

Ndinali nditawafulatira. Ndinamva abambo akupuma. Ndinali ndi pakamwa, lilime linali m'malo mwake, ndipo mawu ofunika anali atatu kapena anayi basi.

"Ayi mayi," anatero abambo. "Ndi ukalamba. Mwanayu wanena zoona, manja atha."

Abwana anawapatsa mpaka kutha kwa mwezi. Anati kuyambira tsopano alendo aziona za kachitsulo, n'zachangu ndipo sizichititsa manyazi. Anatinso kanyumba ka pageti n'ka munthu wa moto, ndiye popeza wa moto tsopano ndine, ndisamuke kumene ndinkachita lendi ndidzalowemo. Mukuganiza kuti ndinakana? Ndinalandira kiyi ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Tsiku losamuka abambo anasesa kanyumbako, anazira ndi pakhonde pomwe. Katundu wawo yense anakwana pa njinga ya kabaza imodzi: mphasa, khasu, poto, bulangete ndi jekete ya kutchalitchi. Zikhatho zinali zitamangidwa ndi nsanza. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu. Anandiuza kuti lata la kumbuyo limadontha mvula ikamachokera kum'mawa, ndizisuntha bedi.

Ndinakhala miyezi inayi osapita. Ndinkati ntchito yachuluka, ndipo inachulukadi, poti alendo ankakonda kachitsulo kanga. Koma ndikagona chagada ndinkaona msomali uja kudenga, ndi banga la mwaye mozungulira. Mu Novembala, mvula isanagwe, ndinagula shuga, buledi, masamba a tiyi ndi laita yatsopano, n'kukwera matola wa ku Nachisaka. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndikagwada, ndikanena za botolo, za thanthwe, zonse.

Ndinawapeza akukhala m'chigafa cha fodya cha mdzukulu wawo, kumapeto kwa mudzi. Anali atatchinga m'mbali ndi mapesi. Anandiuza okha kuti fodya akayamba kuthyoledwa adzafunika kuchokamo, koma kumene adzapite sanadziwebe. Anali ataonda, khosi litatalika. Anandiyalira mphasa, anafunsa za ulendo, za abwana, za lata lodontha lija. Ine ndinkangoyankha kuti bwinobwino, osatchula mawu anga aja.

"Dikira ndikuphikire tiyi," anatero.

Pa mafuwa panali phulusa lozizira. Anaika poto, anasanja zitsononkho ndi tinkhuni pang'ono. Kenako anaimirira n'kutsitsa kamtolo kaja pamtanda wa chigafa. Ndinati apeka moto, andionetsa kuti manja ali bwino, ndipo ine ndiyambira pomwepo kupepesa. Anamasula kachikopa. Kamtengo kanali kakadali ndi mabanga akuda a magazi. Anakanunkhiza, anadinda chikhadabo pa kathabwa, ndipo sichinalowe.

"Timitengoti tauma bwino tsopano," anatero. "Tsiku lija tinamwa madzi ambiri."

Anaika kamtengo pabondo n'kukathyola pakati, thyo! Kathabwa anakang'amba ndi mpeni. Zidutswa zonse anazilowetsa pansi pa poto, n'kutambasula dzanja. Chikhatho chinali ndi zipsera zoyera.

"Tandibwereka laita yakoyo."

Ndinawapatsa. Timitengo tija tinayaka msanga, moto woyera wopanda utsi, ndipo madzi sanachedwe kuwira. Ananditsanulira tiyi m'kapu yawo imodzi yomweyo. Ndinailandira, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe.

Nthawi yomweyo panafika mayi wina, mkazi wa mdzukulu wawo uja, ali ndi phale m'manja kudzapala moto. Sankandidziwa, poti ine ndinakulira kwa amayi ndipo kumeneko ndinali ndisanapondeko chikulire. Anaona jombo zanga ndi chikwama, n'kugwada chapatali.

"Amalume, mwalandira alendo? Ndi ndani awa?"

Abambo anakankhira khala m'phale lake ndi kamtengo kena, osandiyang'ana.

"Ndi mnyamata wina wa kumsasa kuja," anatero. "Amawathandiza za moto."

Mayiyo anandipatsa moni wa alendo, anafunsa ngati kumene ndachokera kuli bwino, n'kunyamula moto wake kumapita. Sindinamuuze kuti ndine mwana wawo. Ndinamwa tiyi uja yense, akundiwotcha pakhosi. Mawu amene ndinakonza panjira ndinabwerera nawo pa matola wa madzulo.